Kugula tizovala ta zidole pa intaneti: zoyenera kudziwa ndalama isanachoke m'foni

Malonda a zidole ndi tizovala take ndi ena mwa malonda ang'onoang'ono amene asamukira pa foni za m'manja m'zaka zapitazi. Pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa TikTok pamapezeka anthu otsatsa timadiresi, tinsapato, tizipewa, tizikwama, timabedi ndi timapoto ta zidole, ndipo malondawa amatentha Khirisimasi ikamayandikira. Ogula ambiri ndi makolo a m'tauni. Ena amagulira ana amene ali nawo pakhomo, ena amatumiza kumudzi kwa ana amene akuleredwa ndi agogo awo, kumadera monga kwa Mfumu Yaikulu Msakambewa m'mapiri a Dowa cha kumalire ndi Ntchisi. Palinso eni sukulu za mkaka ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala amene amafuna zidole zoti ana aziphunzirira kuvala, kuvula ndi kumanga mabatani.

Chimene chimasiyanitsa malondawa ndi a pamsika n'chakuti wogula amapereka ndalama asanakhudze katundu, kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Komanso ndalama yake imakhala yochepa. Munthu akaberedwa ndalama ya foni kapena ya firiji amathamangira kupolisi, koma woberedwa ya kadiresi ka chidole amangoti zapita, popeza ulendo wokadandaula ungadye ndalama yoposa imene yatayikayo, ndipo wamkulu amachita manyazi kukafotokoza pamaso pa apolisi kuti wapusitsidwa pa zovala za chidole. Akamberembere amadziwa zimenezi. Satola zambiri kwa munthu mmodzi, amatola pang'onopang'ono kwa anthu ambiri amene onse adzakhale chete.

Wogulitsayo ndi wamtundu wanji?

Si onse otsatsa pa intaneti amene ali ndi katundu m'nyumba. Alipo amene katundu ali naye kale ndipo angathe kumuonetsa lero lomwe. Alipo ena amene amasonkhanitsa ndalama za anthu kenako n'kukaoda ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku China. Ena amasankha tizovala ndi zidole m'mabelo a kaunjika, ndipo ena ndi matelala amene amasoka wogula akapereka muyeso. Onsewa amatsatsa mofanana, nthawi zina ndi zithunzi zofanananso. Choncho funso loyamba lisakhale la mtengo. Likhale lakuti: "Mayi, katunduyu ali m'manja mwanu panopa, kapena muchita kuitanitsa?"

Zoseweretsa zambiri zimene zimalowa m'dziko muno zimapangidwa ku China. Dera la Chenghai mumzinda wa Shantou ndi lodziwika ndi mafakitale a zoseweretsa, ndipo mzinda wa Yiwu uli ndi msika waukulu wa tinthu ting'onoting'ono kumene amalonda a m'maiko ambiri amakapikula. Ena saponda n'komwe ku China, amangoitanitsa pa AliExpress, Alibaba, Shein kapena Temu. Katundu wobwera pa ndege amatenga masabata, wobwera pa sitima ya pamadzi amatenga miyezi, chifukwa ayenera kutsikira padoko monga la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam asanakwere galimoto. Wolipira mu Novembala katundu wa pamadzi asayembekeze kuti mwana adzasewera naye pa Khirisimasi.

Nthawi yodikirayo ili ndi msampha wina, womwe ndi mtengo wa kwacha. Ndalama yathuyi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa amene watolera makwacha koma sanalipire katundu kunja, zoterezi zikachitika amabwerera kwa ogula kudzapempha ndalama yowonjezera, ndipo si nthawi zonse pamene amakhala akunama. N'chifukwa chake mgwirizano uyenera kunena poyera ngati mtengowo ndi wotsiriza, ngati ukuphatikiza mayendedwe ndi msonkho wa bungwe la MRA, komanso tsiku limene ndalama idzabwezedwe katundu akapanda kufika.

Muyeso ndiye mutu wa nkhani

Madandaulo ambiri pa malondawa sachokera pa kuba kwenikweni. Amachokera pa kadiresi kamene kafika koma sikakulowa. Zidole zilibe saizi imodzi, ndipo mawu akuti "chaching'ono" kapena "chapakatikati" sathandiza aliyense.

Chidole cha Barbie, chimene kampani ya Mattel idayamba kugulitsa mu 1959, n'chotalika pafupifupi masentimita 29, ndipo zidole zambiri zoonda za m'masitolo a m'tauni zimatengera msinkhu umenewu. Komabe kutalika kofanana sikutanthauza thupi lofanana. Mu 2016 kampani yomweyo idatulutsa ma Barbie a matupi ena atatu, wonenepako, wamtali ndi wamfupi, moti kadiresi kothina ka wina sikatseka kumsana kwa mnzake. Zidole zongofanizira, zomwe ndi zochuluka kuno, zimasiyananso m'chiuno, m'mapewa ndi kumapazi. Nsapato ndizo zimavuta koposa, chifukwa zidole zina zili ndi phazi lonyang'ama loyenera nsapato ya gogoda pamene zina zili ndi phazi lathyathyathya.

Mtundu wina ndi wa zidole zooneka ngati khanda. Chodziwika kwambiri ndi Baby Born cha ku Germany, chomwe n'chotalika masentimita 43. Palinso zidole zooneka ngati kamtsikana koimirira, monga American Girl ndi Our Generation, zomwe n'zotalika mainchesi 18, kapena kuti pafupifupi masentimita 46. Manambala 43 ndi 46 ndi oyandikana, ndipo ogulitsa ena amatsatsa chovala chimodzi ngati chokwana zonse ziwiri, koma chidole cha khanda chili ndi mimba yaikulu, mutu waukulu ndi miyendo yopindika. Diresi yotaya ingakwane zonse, buluku ndi nsapato kawirikawiri ayi.

Otsatsa akunja amakonda kulemba mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho "12" wa mainchesi ndi masentimita 30, osati 12. Wogula amene sanafunse kuti nambalayo ndi ya chiyani angalandire chovala chomira chidole chonse, kapena chosakwana ngakhale mkono. Pa timipando, timabedi ndi tiziwiya amalemba 1:6 kapena 1:12, kutanthauza kuti kanthuko n'kochepa kasanu ndi kamodzi, kapena ka 12, poyerekeza ndi chenicheni. Za Barbie ndi za 1:6. Kabedi ka 1:12 kamaoneka bwino pa chithunzi, koma kakafika chidolecho miyendo yonse imakhala panja.

Njira yake ndi tepi ya telala. Yezani kutalika kwa chidole kuchokera pamutu kufika kuphazi, kuzungulira pachifuwa, m'chiuno ndi mutu, komanso kutalika kwa phazi, ndipo mutumize manambalawo mwa masentimita. Ngati chidolecho chili kale kumudzi, kumene tepi ingasowe, wina ayeze ndi ulusi kapena kachingwe n'kukagoneka pa rula ya mwana wasukulu. Ndipo dziwani kuti mwana wongobadwa kumene amakhala wotalika pafupifupi masentimita 50, kotero zidole zikuluzikulu za msinkhu umenewu zimavala tizovala ta makanda enieni tomwe timapezeka pa kaunjika. Zimenezo sizifuna intaneti.

Chithunzi si katundu

Zithunzi zambiri zimene ogulitsa amaika si zawo, amazitenga kwa opanga katunduyo. Zimajambulidwa ndi magetsi owala, chovalacho chitasitidwa ndi kupanidwa kumbuyo kuti chikhale bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa amene katundu ali naye sangavutike kujambula kanema wamfupi, chovalacho chili m'manja mwake pambali pa tepi kapena bokosi la machesi, atachitembenuza kuti msoko wa m'kati uoneke. Wofuna kutsimikiza kwambiri apemphe kuti pambali pake paikidwe kapepala kolembedwa dzina la wogula ndi tsiku la lero. Amene amayankha kuti kamera yawonongeka, kapena kuti katundu ali kwa mchemwali wake ku Mzuzu, wayankha kale funso lina lija.

Chida cha Google Lens chimathandizanso. Mukachipatsa chithunzi chimasonyeza malo ena pa intaneti pamene chithunzicho chili. Kupezeka kwa chithunzi kwina sikutanthauza kuti wogulitsayo ndi wakuba, koma kumakuuzani kuti chimene mukuonacho si chimene chili m'nyumba mwake.

Tsamba la wogulitsa nalo limalankhula. Pa Facebook munthu angathe kuona tsiku limene tsamba la malonda lidatsegulidwa ndiponso ngati lidasinthapo dzina. Tsamba lotsegulidwa mwezi watha, limene dzulo linkagulitsa feteleza ndipo lero likugulitsa zidole, n'lofunika kulikayikira. Chimodzimodzi wogulitsa amene watseka malo oti anthu alembepo maganizo awo. Mauthenga oyamikira amene amajambula n'kuika poyera asakutengeni mtima, chifukwa munthu wokhala ndi foni ziwiri angathe kudziyamikira yekha tsiku lonse. Umboni wolimba ndi wa munthu amene mumamudziwa, amene adagulako ndipo adalandira.

Kulipira

Ambiri amalipira pa Airtel Money, imene idayamba m'dziko muno mu 2012, pa TNM Mpamba, imene idatsatira mu 2013, kapena kudzera kubanki pa foni. Njirazi n'zachangu, ndipo changu chakecho ndiye vuto: ndalama ikafika, wolandira angathe kuitapa kwa ejenti m'mphindi zochepa, ndipo ikatapidwa kuibweza kumavuta. Njira yothandizira amene watumiza ndalama ku nambala yolakwika imadalira kuti ndalamayo ikadali m'foni ya wolandirayo.

Potumiza, dzina la mwini nambala limaoneka. Liyerekezeni ndi dzina limene wogulitsa wakuuzani. Kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso, motsatira lamulo limene bungwe la MACRA limayang'anira, koma akuba amagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'maina a anthu ena. Mukamacheza ndi mayi pa nambala ina, n'kuuzidwa kuti mutumize ku nambala ina ya dzina la bambo, kenako mawa n'kupatsidwa yachitatu, imani kaye. Mabanja ambiri amagwiritsadi ntchito foni imodzi, koma wamalonda wokhazikika amakhala ndi nambala imodzi yodziwika, ndipo ena ali ndi nambala ya bizinesi imene imatulutsa dzina la sitolo. Wokuuzani kuti mutape ndalama kudzera pa nambala ya ejenti amene simukumuona akufuna kuti dzina lake lisaoneke paliponse.

Kulipira katundu atafika ndiyo njira yabwino koposa, ndipo mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ogulitsa ambiri amavomera kukumana pamalo a anthu ambiri kapena kutuma wanjinga yamoto. Tinenenso chilungamo: ogulitsa nawo amapwetekedwa ndi ogula amene amaitanitsa katundu kenako n'kuzimitsa foni, ndipo telala sangadule nsalu popanda kanthu. Kupereka gawo la ndalama poyamba, lotsala katundu akaoneka, kumagawa chiopsezo pakati pa awiriwo. Chosayenera ndi ndalama zophuka m'njira: lero ya msonkho, mawa ya wonyamula, mkuja ya kumasula katundu pachipata. Imeneyo ndi njira yakale yokamira munthu amene wataya kale ndalama ndipo akuopa kuti akasiya ataya zonse.

Nambala yanu yachinsinsi siifunika pa malonda alionse. Uthenga wonena kuti wogulitsa wakubwezerani ndalama yopyola, ndiye mumutumizire yapamwambayo, muutsimikize poona nokha ndalama zimene zili m'foni mwanu. Uthenga weniweni umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu.

Ulendo wa phukusi kukafika kwa Msakambewa

Pamene katundu akupita kumudzi, mavuto amawonjezeka. Kuchokera ku Lilongwe phukusi limatsata msewu wa M1, kudutsa Lumbadzi, n'kukhota kulowera ku Dzaleka mpaka pa boma la Dowa. Opita ku Ntchisi ambiri amakhotera pa Mponela. Mpaka pamenepo ndi tala. Kupitirira apo, kulowa m'midzi ya m'mapiri, ndi misewu yafumbi ndi njinga za kabaza, ndipo nyengo ya Khirisimasi ndiyo nyengo ya mvula ndi matope.

Makampani onyamula makalata ndi katundu amapatsidwa chilolezo ndi MACRA, ndipo amapereka lisiti yokhala ndi dzina la wotumiza ndi la wolandira. Koma maofesi awo ali m'matauni ndi m'malo akuluakulu a malonda. Chigawo chotsiriza cha ulendo chimakhala m'manja mwa kondakitala wa minibasi kapena wakabaza, popanda kapepala kalikonse. Phukusi likasowa pamenepo, wogulitsa amati adatumiza, kondakitala amati adapereka kwa mnyamata wina pa siteji, ndipo palibe womugwira. Ngati njira ndi yomweyo basi, lembani nambala ya galimoto ndi ya foni ya amene wanyamula, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa phukusi lisananyamuke kuti likatayika atayike ndani.

Palinso vuto la wolandira. Agogo amene alandira phukusi sanaone chithunzi chimene mudasankha. Akaona kadiresi kamodzi m'malo mwa titatu adzathokoza ndithu, ndipo inu mudzamva patapita masabata. Foni yawo mwina ili kotchaja, kapena pamene ali netiweki siigwira mpaka atakwera pamtunda. Pa zifukwa zimenezi n'kwanzeru kuti katundu afike kaye kwa wogula m'tauni, amuone, amuwerenge, kenako amutumize yekha kudzera mwa wachibale kapena munthu wodziwika wopita kumudzi. Kuuza wogulitsa kuti atumize molunjika kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama ya ulendo umodzi, koma kumachotsa mwayi wokhawo wokana katundu wolakwika.

Tinthu tating'ono ndi mwana wamng'ono

Mbali iyi ndi yofunika kuposa ya ndalama. Tinsapato, tindolo, timikanda ndi timabatani ta zidole ndi tinthu tokwana bwino pakhosi pa mwana. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America amaletsa tinthu totere pa zoseweretsa za ana osakwana zaka zitatu, ndipo amayesera ndi kachubu kotambalala mamilimita 31.7: chilichonse cholowa chonse m'kachubuko n'choopsa kwa mwana wa msinkhu umenewo. Pakhomo mungayesere ndi kachikatoni ka m'kati mwa pepala la kuchimbudzi. Pa mapaketi ena pamakhala chizindikiro cha nkhope ya khanda ndi manambala 0-3 m'kati mwa bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere, kutanthauza kuti si za ana aang'ono chotero. Koma katundu wogulitsidwa pa intaneti nthawi zambiri amafika m'jumbo, paketi yake itatayidwa kuti asalemere pa ndege.

Kumudzi ana samasewera payekhapayekha. Chidole chogulira mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri chimapita ku masanje, kumene mtsikanayo wabereka mng'ono wake wa chaka chimodzi. Wotumiza aganizire za khandalo, ndipo tinthu tating'onoto atichotse phukusi lisananyamuke.

Zoopsa kwambiri ndi timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo, topezeka m'zidole zolira kapena zowala, ndi timaginito tomatira zovala zina. Kabatire kakakakamira pammero kangathe kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Timaginito tiwiri tikamezedwa timakokana m'matumbo n'kuboola. Mwana amene wameza chimodzi mwa zimenezi apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo kwa wa m'mapiri a Dowa ulendo wokafika pachipatala cha boma, kapena kutumizidwa ku Kamuzu Central, si waufupi. Utoto nawo uli ndi mbiri yake. Mu 2007 kampani ya Mattel idaitanitsanso zoseweretsa mamiliyoni chifukwa cha timaginito tothothoka ndi utoto wokhala ndi mtovu wambiri, ndipo zina mwa izo zidali tinthu toseweretsa pamodzi ndi Barbie. Ngati zidachitikira kampani yaikulu chotero, katundu wopanda dzina la wopanga ayenera kuyang'anitsitsidwa. Chonunkha mankhwala kwambiri kapena chosuluka utoto m'manja chisaperekedwe kwa mwana woika zinthu m'kamwa. Za pa kaunjika zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

Zikalakwika

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti wochita malonda pa intaneti adziwitse ogula dzina lake, kumene amapezeka, mmene katundu alili ndi mtengo wake. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act lidakhazikitsidwa mu 2003. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024 m'malo mwa la 1998, lidapatsa bungwe la CFTC mphamvu zolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe zake. Bungweli lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa sangawateteze ngati katunduyo ndi wowonongeka kapena wosiyana ndi amene adatsatsa. Wotenga ndalama alibe katundu n'komwe ndi nkhani ya apolisi, mlandu wopeza ndalama mwachinyengo pansi pa gawo 319 la malamulo a milandu. Bungwe la CAMA, loimira ogula, nalo limalandira madandaulo.

Konseko adzafuna umboni. Jambulani macheza onse, chithunzi chotsatsira, dzina la tsamba ndi uthenga wa ndalama wokhala ndi nambala yake yotsimikizira, ndipo muchite zimenezi musanayambe kukangana, chifukwa wakuba amafufuta mauthenga n'kukutsekani. Imbirani kampani ya foni mwamsanga. Ngakhale ndalama isabwerere, dandaulo lanu limawonjezera pa a ena, ndipo nambala yodandauliridwa kambiri ingathe kutsekedwa. Kumunyoza munthu poyera ndi chithunzi chake musanatsimikize kuli ndi ngozi yake, popeza chithunzicho chingakhale cha munthu wosalakwa amene naye adaberedwa dzina.

Telala wapakhonde

Pa tizovala tokha, pali njira imene anthu a m'tauni amaiwala. Pa boma la Dowa, pa Mponela ndi pamsika uliwonse wa m'deralo pali matelala amene madzulo amasesa tizidutswa ta chitenje. Ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994, kuli osoka aluso ambiri, ndipo bungwe la Kibebe limagulitsa zinthu za ana zosokedwa ndi anthu a kumsasako ndi a m'midzi yozungulira. Kadutswa kotsala posoka diresi ya mayi kamakwana kadiresi, kampango ka kumutu ndi kambereko ka chidole, ndipo telala amayeza chidolecho chili pamakina pake.

Womupatsa ntchitoyi amuuze kuti khosi likhale lalikulu, kumsana kukhale kotseguka mpaka pansi, chifukwa mikono ya chidole siipindika ngati ya munthu, ndipo atsekere ndi zomatira kapena timizere tansalu tatifupi m'malo mwa mabatani ndi mikanda. Nsaluyo ichapidwe isanadulidwe, kuti utoto wake usadetse thupi la chidole.